Mtengo wa ku Lilongwe si mtengo wa pakhomo panu

Omvera, mwina wailesi mwaikoleka pa mzati wa chigafa, makutu ali kuno, manja ali pa fodya. Sendezani mpando pafupi, chifukwa nkhani ya lero ikukhudza thumba lanu.

Pali ndalama ina imene mlimi wa kuno ku Kasungu amalipira chaka ndi chaka koma sailemba m'kope. Ya feteleza amaidziwa pamtima. Ya ziguduli amaidziwa. Ya matenanti ndi aganyu amaiwerengera usiku asanagone. Koma mutamufunsa kuti, "Bambo, kuti thumba ili lichoke kumene munaligula n'kudzafika pakhonde pano, mwawononga zingati?" amayamba wakanda kumutu. Akumbukira ya lole. Kenako akumbukira ya opakira. Pakapita kanthawi mumva, "Aa, komanso ngolo ija." Ndalama ya thiransipoti imatuluka pang'onopang'ono ngati ufa m'thumba lobooka, ndipo munthu amadzazindikira thumba litapepuka kale.

Ndiyambe ndi zimene ndinaona ndi maso angawa. Malume anga ndi mlembi wa kalabu ya alimi 12 kuseri kwa Chamama, kumene msewu wafumbi umatsikira m'dambo usanakwere kumudzi. Chaka china, Novembala ali kumapeto, mnyamata wina wa m'kalabumo anabwera ndi foni n'kuwaonetsa uthenga wa pa WhatsApp wochokera ku sitolo ina yopikulitsa katundu ku Lilongwe. Mtengo wake unali wotsika kuposa wa ogulitsa zipangizo zaulimi pa boma la Kasungu. Atawerengera anapeza kuti pa matumba 20 aliwonse, ndalama yopulumuka ikukwana thumba limodzi. Iwo amafuna matumba 80 a feteleza wa Super D ndi CAN, ndiye kuti matumba 4 ongotola. Ndipo pansi pa uthengawo panali mawu atatu okoma kwambiri: "Timabweretsa mpaka Kasungu."

Anasonkherana. Wina anagulitsa mbuzi, wina anakatenga ku banki mkhonde. Anaonjezapo malata 40 a shedi yosankhiramo fodya, poti galimoto ikubwera kale. Ndalama anatumiza Lolemba, ndipo Lachiwiri malume anakwera minibasi kuti akaone katundu akupakiridwa. Ine ndinawaperekeza.

Katundu analipodi, wabwinobwino, matumba osatsegula. Koma mnyamata wa pageti anatiuza kuti opakira si antchito a sitoloyo, ndi aganyu, amalipidwa pa thumba, ndipo wolipira ndi mwini katundu. Tinalipira. Kenako tinamva kuti lole sinyamuka tsiku limenelo. Matumba 80 ndi matani 4 okha, lole ndi ya matani 15, choncho idikire katundu wa ena a ku Mponela, Madisi ndi Jenda. Tinagona pa resitihausi, tikudya za m'lesitilanti, mpaka Lachisanu. Lole inanyamuka masana, ikuima pena paliponse kutsitsa katundu wa eni ake, n'kufika pa boma la Kasungu dzuwa litalowa, mvula ikuwaza.

Dalaivala anazimitsa injini n'kunena kuti, "Madala, tafika. Titsitsire pati?"

Malume anati, "Tafika kuti, adalaivala? Kwathu n'kuseri kwa Chamama."

Iye anati, "Ine abwana andiuza Kasungu. Kasungu ndi pano. Uko mukunenako ndi ulendo wina, mafuta akenso ndi ena."

Malume anaimba foni ku Lilongwe. Yankho linali laulemu ndithu: "Pepani bambo, tinalemba kuti mpaka Kasungu, sitinalembe kuti mpaka kwanu." Ndipo kunena chilungamo, munthuyo sananame.

Anakambirana ndi dalaivala, n'kumuonjezera ya dizilo, mpaka anavomera kufika pa Chamama m'mawa mwake. Atafika anatsika, anayenda wapansi kukaona dambo lija, n'kubwerako akupukusa mutu. Anati lole ikatitimira pamenepo, wodzaikoka kulibe. Katundu yense anatsitsidwa pakhonde la golosale ina. Otsitsa analipidwa. Mwini khonde anapatsidwa kangachepe. Mlonda wa usiku analipidwa. Kenako inayamba ntchito ya ngolo, matumba 8 pa ulendo chifukwa cha matope, ng'ombe zikupuma masana, masiku atatu athunthu. Matumba awiri anang'ambidwa ndi malata m'lole muja. Ena atatu analowa madzi chifukwa tenti inali yobooka, feteleza n'kuundana ngati mwala, amayi n'kumachita kumusinja mumtondo.

Usiku umene thumba lomaliza linalowa m'nyumba, malume anakhala pansi ndi tochi ndi kope. Analemba zonse, ngakhale ya minibasi ndi ya mayunitsi. Ataphatikiza, ndalama yotayika inakwana mtengo wa matumba 7. Anapulumutsa 4, n'kutaya 7. Chimene sichinalowe m'kopemo n'chakuti fodya anali atawokedwa kale ndi mvula yoyamba, ndipo anakhala kupitirira sabata akudikira feteleza wokulitsa. Mlimi aliyense wa fodya akudziwa kuti masiku amenewo sabwerera.

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Thumba limene lili m'nkhokwe ku Lilongwe, ngakhale lisiti ili m'thumba mwanu, likadali fodya wapachala.

Chimene chimandikhudza pa nkhani imeneyi, omvera, n'chakuti palibe anaba. Wogulitsa anapereka katundu weniweni. Dalaivala anateteza galimoto ya abwana ake. Aganyu anatuluka thukuta. Mwini ngolo anatopetsa ng'ombe zake. Aliyense anali ndi mlandu womveka. Koma zonsezi zinagwera munthu mmodzi, amene poyamba anangoona nambala imodzi pafoni n'kuiyesa mtengo wonse.

Tiyeni tsopano tilitsatire thumbali kumene linachokera, chifukwa ulendo wa ku Chamama uja unali wotsiriza chabe pa ulendo wautali. Dziko lathu lilibe doko la panyanja yamchere. Ku Liwonde ndi ku Blantyre kuli mafakitale osakaniza feteleza, koma zosakanizazo zimachokera kunja. Zimatsika pa sitima yapamadzi ku Beira kapena ku Nacala m'dziko la Mozambique, pena ku Dar es Salaam, pena ku Durban. Kuchokera ku Beira, lole imadutsa ku Tete n'kudzalowa pa Mwanza kapena pa Dedza. Kuchokera ku Nacala, njanji imalowa pa Nayuchi, kudutsa ku Liwonde ndi Nkaya, ndipo njanji ya kuno kwathu imapitirira ku Salima, Kanengo mpaka Mchinji. Ku Kasungu njanji sinafike. Thumba lililonse limene lili m'boma lino labwera pa matayala, nthawi zambiri pa msewu wa M1, mtunda wa makilomita pafupifupi 130 kuchokera ku Lilongwe. Likachokera ku Limbe, limadutsa makilomita oposa 400, n'kulipira pa toll gate ya Chingeni ku Ntcheu, imene inayamba kugwira ntchito mu 2021, ndi ya Kalinyeke ku Dedza, imene inatsegulidwa mu 2022. Lole ya matani 30 imanyamula matumba 600, ndipo ndalama iliyonse imene yalipidwa panjira imagawidwa pa matumba amenewo.

Achikulire akukumbukira zimene zinachitika m'zaka za m'ma 1980. Kale pafupifupi katundu yense wa dziko lino amayenda pa njanji ya Beira ndi ya Nacala. Nkhondo ya ku Mozambique itakula, njanji zonse ziwiri zinatsekeka, katundu n'kuyamba kuzungulira ku Durban pa malole, mtunda wotalika kangapo. Apa m'pamene boma linatsegula njira ya kumpoto yodzera ku Dar es Salaam ndi Mbeya. Nkhondo inatha mu 1992, koma kudalira malole sikunathe. Mu Marichi 2019 namondwe wa Idai atakantha Beira, tinakumbutsidwanso kuti chimene chagwa ku doko chimamveka mpaka m'munda wa kwa Chulu.

Nanga n'chifukwa chiyani makolo athu sankadandaula za thiransipoti ngati mmene tikudandaulira ife? Yankho lina lili pa ADMARC. Bungweli linakhazikitsidwa mu 1971, ndipo linkagula ndi kugulitsa pa mtengo umodzi m'dziko lonse. Thumba pa msika wa ADMARC wa kumudzi linali pa mtengo womwewo ndi la m'tauni. Ndalama ya thiransipoti inalipo, koma inkabisika m'mabuku a bungwe, ndipo alimi ankailipira mwanjira ina, kudzera m'mitengo yotsika ya mbewu zawo. Kuyambira mu 1987 amalonda wamba analoledwa kugula mbewu, ndipo kuyambira mu 1990 alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima fodya wa bale, amene kale anali wa maesiteti okha. Ufulu umenewo unabwera ndi katundu wake. Mlimi wa kwa Wimbe anakhala mwini bizinesi, wodzifunira yekha zipangizo, wodzifunira yekha galimoto. Koma palibe anamukhazika pansi n'kumuphunzitsa kuwerengera mtunda. Mpaka lero ambiri a ife timafunsa kuti, "Thumba n'zingati?" ngati kuti tili pa sikelo ya ADMARC, kuiwala kufunsa kuti, "Mtengo umenewo ndi wa thumba lili pati?"

Tsopano tilowe m'mutu mwa mwini lole, chifukwa osadziwa mmene iye amawerengera, simungathe kunenerera. Chinthu choyamba chimene amaganiza n'chakuti pobwerera atenga chiyani. Lole imene yabweretsa feteleza kwa Santhe mu Disembala imabwerera yopanda kanthu. Nthawi imeneyo kulibe chimanga chogulitsa, kulibe soya, kulibe mtedza, kulibe mabelo. Dizilo wobwerera, malipiro a dalaivala, kutha kwa matayala, zonsezo mumalipira inu, ngakhale sakuuzani. Mukahaya galimoto mumaganiza kuti mwalipira ulendo umodzi, koma mwalipira iwiri.

Amayang'ananso ngati katundu wanu ndi wolemera kapena wodya malo. Feteleza ndi simenti zimalemera, lole imafika pa mlingo wake isanadzaze, ndipo akapyoza, pa sikelo ya pamsewu pali chindapusa. Malata, mapaipi a m'balani, thanki ya madzi, mitolo ya ziguduli ndi matabwa sizilemera kwenikweni koma zimadya malo. Thanki imodzi yopanda kanthu, imene anyamata awiri angainyamule, itha kutenga malo a matumba ambirimbiri. Mwini lole salipiritsa kulemera kwa thankiyo, amalipiritsa malo amene yatseka. Ndi chifukwa chake munthu amadabwa kuti chinthu chopepuka chonchi thiransipoti yake yakwera bwanji.

Kenako pali nthawi. Lole yoima sipanga ndalama. Ikagona pamzere pa filing'i sitesheni masiku awiri, monga tinaonera pa mavuto a mafuta a mu 2022 ndi 2023, wina ayenera kulipira masikuwo. Ikagona pa Chamama kudikira kuti dambo liphwe, wina ayenera kulipira. Ndipo mtengo umene munagwirizana sabata yatha utha kufa usiku umodzi. Mu Meyi 2022 ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, nthawi yeniyeni imene alimi amaoda zipangizo. Mtengo wa mafuta unakwera masiku omwewo. Amene anali atalipira katundu koma asanapangane za galimoto pa pepala, anadzuka n'kupeza kuti dalaivala akutchula zina.

Koma pamene pamapweteka kwambiri ndi makilomita omaliza aja. Pa tala lole yaikulu imagawa ndalama yake pa matumba mazanamazana, ndipo thumba limodzi limayenda motchipa. Mukangochoka pa tala, katundu amasamukira pa kagalimoto ka matani atatu, pa ngolo, pa njinga yamoto, pena pamutu. Kusamutsa kulikonse kuli ndi wotsitsa, wopakira ndi thumba long'ambika. Musadabwe mutapeza kuti makilomita 20 omaliza akudyerani pa thumba kuposa makilomita 130 a pa M1. Ntchito yokonzanso msewu wa M1 kuchokera kufupi ndi bwalo la ndege la Kamuzu kudutsa Kasungu kupita kumpoto, mothandizidwa ndi European Investment Bank ndi European Union, ndi yofunika ndithu, ndipo ndikuiyamikira. Koma mlimi salima m'mbali mwa M1. Kamlatho ka m'dambo kamene kanakokoloka zaka zitatu zapitazo ndi kamene kakuika mtengo wa feteleza kumudzi kwanu. Makhansala athu, a khonsolo ya boma la Kasungu ndi aphungu, mukamakambirana za ndalama za chitukuko, kumbukirani kuti kalavati imodzi yokonzedwa mu Seputembala imatsitsa mtengo wa thumba kwa midzi yonse ya kutsidya.

Omvera, vuto limeneli si la ife tokha. Amalonda akuluakulu a m'mayiko anakangana pa nkhani yomweyi kwa zaka zambiri, mpaka mu 1936 bungwe la International Chamber of Commerce linalemba malamulo otchedwa Incoterms, amene amakonzedwanso nthawi ndi nthawi mpaka lero. Ntchito yake ndi imodzi: kunena poyera pamene udindo wa wogulitsa wathera ndi pamene wa wogula wayambira. Akalemba kuti Ex Works, ndiye kuti katundu mukamutengere nokha pakhomo pa wogulitsa, ndipo zonse za panjira ndi zanu. Akalemba kuti CIF Beira, wogulitsa walipira sitima ndi inshulansi mpaka padoko la Beira, kuchoka apo mudzionere. Akalemba kuti DAP n'kutchula malo, wogulitsa afikitsa katundu pa malo otchulidwawo. Taonani kuti anthu oyendetsa mabiliyoni sakhulupirira mawu akuti "tibweretsa". Amafuna dzina la malo lilembedwe. Ngati kampani yoitanitsa sitima yathunthu imaumirira zimenezi, kalabu ya alimi 12 imene yagulitsa mbuzi ichite manyazi chifukwa chiyani? Simukusowa Chingerezi. Lembani m'Chichewa kuti, "Katundu adzatsitsidwa pa shedi ya kalabu, mudzi wakutiwakuti, tsiku lakutilakuti, wopakira ndi wotsitsa alipira uje." Onse awiri musaine.

Kwa inu amene mumalima pa kontilakiti ndi makampani ogula fodya, mwina mukuti nkhaniyi siikukukhudzani, poti feteleza, mbewu ndi mankhwala amakubweretserani. Zoona, ndipo kufika kwa zipangizo pa nthawi yake ndi phindu lenileni la ulimi umenewu. Koma lole imene inabwera ija sinayendere madzi. Ndalama yake ili m'ngongole imene idzadulidwe fodya akagulitsidwa. Mukalandira seleshiti, musamangothamangira nambala ya pansi. Yendani ndi chala mzere ndi mzere. Pali ngongole ya zipangizo, pali za msika, pali misonkho ya mabungwe, pali thiransipoti ya mabelo. Funsani alangizi a kampani kuti thumba analiwerengera pa mtengo wanji, ndipo mu mtengowo ya galimoto ndi zingati. Kufunsa si mwano. Fodya uyu ndi amene amabweretsa pafupifupi theka la ndalama zakunja zimene dziko lino limapeza pogulitsa katundu, ndipo wolima ali ndi ufulu wodziwa kumene tambala iliyonse yapita. A TAMA Farmers Trust ndi a Tobacco Commission, tithandizeni kuti mapepala amenewa azilembedwa momveka kwa mlimi, m'chilankhulo chake.

Ndinenepo mawu amodzi oikira kumbuyo munthu amene timakonda kumunena, wogulitsa zipangizo wa pa tiledingi senta. Timati ndi wakuba chifukwa thumba lake ladula kuposa la ku Lilongwe. Ena amadyeradi masuku pamutu alimi, makamaka mvula ikagwa katundu n'kusowa, ndipo amenewo sindikuwateteza. Koma nthawi zambiri kusiyana kwa mtengoko ndi ulendo womwe uja malume anayenda. Iye walipira kale opakira, lole, otsitsa, lendi ndi mlonda, ndipo thumba long'ambika lagwera iye. Thumba lake mutha kuligwira, kuliyeza pa sikelo, kuona ngati silinatsegulidwe, n'kuliika pa ngolo tsiku lomwelo. Likapezeka losakaniza ndi mchenga, mukudziwa khomo lokagogoda. Chimodzimodzi simenti. Fakitale ya Shayona ili m'boma lomwe lino la Kasungu, ndiye musanatumize ndalama kutali chifukwa cha mtengo wa pafoni, yambani mwafunsa pafupi. Sindikuti musamaode ku Lilongwe kapena ku Limbe. Kalabu yaikulu yodzaza lole yonse imapindula ndithu. Ndikuti poyerekeza mitengo iwiri, muziiyerekeza zonse zitafika pakhonde panu.

Tsopano ndifike pa chimene chandipangitsa kukhala pa maikolofoni lero. Taimani m'mbali mwa M1 pa Chinkhoma mwezi wa Meyi kapena Juni. Muona malole akubwera atasanja mabelo mpaka pamwamba, ena akulowa pa msika wa fodya wa Chinkhoma, ena akupitirira ku Kanengo. Dikirani pang'ono, muona malole omwewo akubwerera, kumbuyo kuli tenti yopinda ndi zingwe basi. Bwereraninso pamalo omwewo mu Novembala. Muona malole akupita kumidzi atadzaza feteleza, n'kubwerako opanda kanthu. Pa chaka chimodzi mlimi wa ku Kasungu amalipira galimoto yopanda katundu kawiri, koyamba pa seleshiti, kachiwiri pa lisiti ya feteleza. Izi zimandipweteka mtima, chifukwa maulendo awiriwa atha kukhala umodzi.

Msika wa fodya umayamba cha mu Epulo n'kumapitirira mpaka cha mu Ogasiti. Miyezi imeneyo misewu ndi youma, madambo aphwa, lole imafika mpaka pa shedi popanda kudandaula. Miyezi yomweyo ndi imene mlimi ali ndi ndalama m'manja. Ndipo lole imene yatsitsa mabelo ku Kanengo ili kale pakhomo pa nkhokwe zikuluzikulu za feteleza, malata ndi zina. Mwini lole ameneyo, mukamuuza kuti pobwerera atenge katundu wa kalabu, sangakutchulireni mtengo wa ulendo wathunthu, chifukwa dizilo wobwerera akanamuwotcha ndi kale. Zimangofunika kupangana msanga, komiti ya kalabu ikhale pansi ndi wonyamula mabelo msika usanatsegulidwe.

Ndikudziwa kuti pali zovuta, ndipo sindizibisa. Ndalama ya fodya siibwera tsiku limodzi kwa onse, wina wagulitsa lero, wina mabelo ake akadali pamzere. Ikabwera imapeza fizi ya ana, ngongole ya katapila ndi malipiro a matenanti zikudikira pakhomo. Kusunga feteleza miyezi inayi kumafuna chipinda chosadontha, matumba osanjidwa pa mitengo, osagunda pansi kapena khoma, chifukwa Urea ndi CAN zimakoka chinyezi. Pamafunikanso loko wolimba ndi anthu okhulupirika. Ndipo lole imene yanyamula feteleza kapena simenti iyenera kusesedwa bwino isanapakirenso mabelo, chifukwa belo lopezeka ndi zinyalala limabwezedwa pa okushoni. Zonsezi n'zoona. Koma zonsezi zili m'manja mwa kalabu. Mvula ya Disembala, mzere wa dizilo ndi kugwa kwa kwacha sizili m'manja mwa aliyense wa ife.

Kalabu ya malume anga inayesa njira imeneyi chaka chotsatira. Sanakwanitse onse, alimi 7 okha ndi amene anali ndi ndalama mu Julayi. Anaphatikizana ndi kalabu ya mudzi woyandikana nawo kuti katundu achuluke, ndipo lole imene inapita ndi mabelo inabwera ndi matumba n'kutsitsira pa shedi penipeni, dzuwa likuswa mtengo, popanda ngolo, popanda mlonda wa pagolosale. Mvula yoyamba itagwa, iwo anangotsegula chitseko.

Choncho inu alembi, asungichuma ndi apampando a makalabu amene mukundimvera, uthenga wa mtengo wotsika ukadzafika pafoni, musathamangire kwa ejenti wa Airtel Money kapena Mpamba. Imbani kaye. Funsani kuti mtengowo ndi wa katundu ali pati, ndipo atchule dzina la mudzi wanu ndi pakamwa pake. Funsani wolipira opakira ndi otsitsa. Funsani ngati lole ndi yanu yokha kapena idikira katundu wa ena, ndipo inyamuka liti. Muuzeni zoona za msewu wanu, za dambo ndi za kamlatho, kuti dalaivala asadzadabwe usiku. Mugwirizane kuti thumba likang'ambika kapena kunyowa, lagwera ndani. Ngati n'kotheka, ya thiransipoti mumalize kulipira katundu atatsika ndipo mwamuwerenga. Zonse zilembedwe, ngakhale pa pepala la m'kope la mwana wasukulu. Mukatero muonjezepo ya minibasi yanu, ya chakudya ndi ya pogona, mugawe ndi chiwerengero cha matumba, ndipo nambala imene ituluke muiike pambali pa mtengo wa wogulitsa wa pafupi. Wogulitsa amene akana kutchula mtengo wofikitsa pakhomo, musiyeni, ogulitsa ndi ambiri.

Kwa inu eni masitolo opikulitsa ku Lilongwe, ku Limbe ndi ku Mzuzu, pempho langa ndi ili: mukalemba kuti mumabweretsa, lembaninso pamene mumathera ndi zimene wogula adzalipire payekha. Mlimi amene mwamuuza zoona chaka chino adzabweranso chaka chamawa ndi anzake. Kwa inu eni malole onyamula mabelo, pitani nokha ku makalabu mukawauze masiku amene mumabwerera opanda katundu.

Ndipo inu alimi anzanga a kwa Santhe, kwa Wimbe, kwa Chulu ndi ku Chamama, pa msonkhano wa kalabu wa mwezi uno, nkhani ya lole yobwerera ikhale yoyamba pa ndandanda, msika wa fodya usanatsegulidwe.